Sikelo ya Mudzi Wathu Ili M'manja mwa Yani?

 

Tiyambe ndi chinthu chimene inu mumachidziwa kuposa ife amene tayimirira kutsogolo kuno. Fodya akauma m'chigafa, mlimi samangomuthira m'jeke chisawawa. Amakhala pansi ndi banja lake nkumasankha tsamba ndi tsamba: la kunsi palokha, la pakati palokha, la kunsonga palokha, long'ambika ndi lachuku pambali. Belo likafika ku okushoni ya ku Chinkhoma limakwera pa sikelo, ndipo ogula amalipatsa giredi. Tonse tikudziwa mmene zimawawira pamene fodya amene unamuona kuti ndi wabwino wapatsidwa giredi yotsika, kapena belo labwezedwa. Tikudziwanso sikelo za mavenda ena zimene zimadya makilo mwini katundu akuyang'ana. Komabe palibe mlimi amene amanena kuti sikelo zithetsedwe. Chimene mlimi amafunsa ndi chakuti, sikeloyo wagwira ndani, ndipo ikuyeza zoona kodi?

Lero tikufuna tifunse funso lomwelo, koma tikunena za malo amene tikukhala. Kodi mudzi uli ndi giredi? Kodi dera la m'tauni lingakwere pa sikelo kuti tidziwe ngati likupita patsogolo kapena likubwerera m'mbuyo? Masiku ano timamva kawirikawiri mawu akuti chitukuko chokhalitsa. Tanthauzo lake mlimi aliyense amalidziwa: ndi kudya lero osakazinga mbewu ya chaka chamawa. Mudzi ukhoza kudzaza ndi nyumba za malata koma uli mkati mokazinga mbewu yake, ndiye kuti madzi ake, mitengo yake, nthaka yake ndi ana ake.

Chifukwa chiyani tikufunsa tsopano?

Tauni ya Kasungu ikukula, ndipo ikukulira m'minda yathu. Pa kalembera wa 1998 anthu a m'tauniyi sanafike 30,000. Pa kalembera wa 2018 anapitirira 58,000, ndipo boma lonse la Kasungu linali ndi anthu oposa 840,000. Kuwonjezera apo, m'ndondomeko ya masomphenya a Malawi 2063, imene inakhazikitsidwa mu 2021, Kasungu ndi amodzi mwa malo 8 amene boma linawasankha kuti adzakhale mizinda yothandiza Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba. Izi zikutanthauza kuti midzi yoyandikana ndi tauni, ya kwa Mwase ndi ya kwa Kaomba, ikusanduka tauni pang'onopang'ono. Munda umene unali wa banja limodzi wadulidwa mapuloti. Amene wagula amakumba chitsime apa, mnzake wa kuseri kwa mpanda nkukumba chimbudzi apo, popanda wofunsa mnzake. Njira ya ngolo yatsekedwa ndi njerwa. Palibe amene anachita zimenezi ndi mtima woipa. Aliyense anayeza puloti yake bwinobwino, koma palibe anayeza mudzi wonse.

Mmene anzathu akunja amayezera

Vuto limeneli silinayambe ndi ife. M'maiko olemera anayamba ndi kuyeza nyumba imodziimodzi. Ku Britain anakhazikitsa muyeso wotchedwa BREEAM mu 1990, woona ngati nyumba ikusamala magetsi, madzi ndi zipangizo. Patapita zaka anazindikira kuti nyumba yabwino yomangidwa pa malo olakwika sithandiza, choncho anayamba kuyeza dera lonse pamodzi. Ku Japan muyeso wa madera wotchedwa CASBEE unatuluka mu 2006. Ku America muyeso wa LEED wa madera unakhazikika mu 2009, ndipo BREEAM nayo inatulutsa wake cha nthawi yomweyo. Kuno ku Africa, dziko la South Africa lili ndi wake wotchedwa Green Star.

Kagwiridwe kake nkofanana ndi mayeso a ku sukulu. Pamakhala mndandanda wa mafunso, funso lililonse lili ndi malikisi ake. Mu LEED malikisi onse ndi 110. Dera likapeza 40 limalandira satifiketi wamba, likapeza 50 ya siliva, 60 ya golide, ndipo 80 ndiyo giredi yapamwamba koposa. Mafunso ake ndi monga awa: kodi munthu angafike pokwerera basi, ku sitolo kapena ku sukulu poyenda pansi mamita 400 kapena 800? Kodi madzi a mvula akupita kuti? Kodi m'misewu muli mitengo ya mthunzi? Kodi muli nyumba zoti anthu opeza pang'ono angakwanitse?

Akuluakulu amati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo m'miyeso imeneyi muli nzeru ziwiri zimene tiyenera kuzitola.

Yoyamba ndi yakuti pali zinthu zina zimene sizigulidwa ndi malikisi. Mu LEED, ngati dera lamangidwa mowononga dambo, kapena mosasamala kuti pamalopo pamasefukira madzi, silingalowe nkomwe m'mayeso, ngakhale litakhala lokongola chotani. Nkofanana ndi belo limene mwapezeka mapulasitiki kapena miyala: ogula sayamba nkukambirana za mtundu wa tsamba, amangolibweza. Ife tili ndi mwambi wakuti madzi saiwala khwawa, koma ndi angati mwa ife amene tagulitsa puloti m'dambo mwezi wa Okutobala kuli gwa, tikudziwa bwino lomwe kuti Januwale akafika pamenepo pamalira achule?

Yachiwiri ndi ya ku Japan, ndipo ife tikuiona kuti ndi yakuya kuposa zonse. Iwo amalemba mzere kuzungulira dera. Mkati mwa mzere amayeza ubwino umene anthu okhalamo akupeza. Kunja kwa mzere amayeza katundu amene deralo lasenzetsa anthu ena. Kenaka amagawa ubwinowo ndi katunduyo, ndipo giredi imachokera pamenepo. Dera likhoza kukhala losangalatsa mkati, koma ngati utsi wake, zinyalala zake ndi ludzu lake zikugwera ena, giredi imatsika.

Taganizani mzere umenewu titaulemba kuzungulira tauni ya Kasungu. Matumba a makala amene amalowa m'tauni pa njinga mbandakucha uliwonse amachokera kunja kwa mzere. Nkhuni zootchera njerwa za mipanda ija zimachokera kunja kwa mzere. Madzi a m'mipopi ochokera ku damu la Chitete amadalira mmene anthu a kumtunda kwake akulimira ndi kusamalira mitengo. Tsono lembani mzere womwewo kuzungulira esiteti ya fodya, kapena kuzungulira munda wanu. Milimo ya chigafa imene imafunika kusinthidwa pakapita zaka zochepa, ndi nkhuni za m'mabalani a fodya wa fuluu, zimadulidwa kuti? Kafukufuku wina amene anasindikizidwa mu 1999 anayerekeza kuti pa nkhalango zimene zinkatha m'Malawi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 4 linkatha chifukwa cha fodya. Ndalama ya fodya inalowa mkati mwa mzere. Mtunda umene mayi amayenda pokafuna nkhuni unatsala kunja, ndipo sunalembedwe pa pepala la okushoni lililonse.

Pamene sikelo ya mlendo imalephera

Titatola nzeru zimenezi, tinene mosabisa kuti miyeso imeneyi sinapangidwire ife. Amene amapempha kuti dera liyezedwe kawirikawiri ndi kampani yomanga nyumba, ndipo ndi yomweyo imene imalipira akatswiri ndi satifiketi, popeza giredi yabwino imakweza mtengo wa nyumbazo. Nthawi zambiri malikisi amaperekedwa poyang'ana mapulani, anthu asanalowe. Mafunso ake amaganiza kuti mpopi, magetsi ndi galimoto yotola zinyalala zilipo kale. Mulibe funso lakuti mjigo ukathyoka umatha masabata angati usanakonzedwe. Mulibe funso lakuti banja limadya kangati mu Febuluwale. Kunena zoona, midzi yathu ingapeze malikisi ambiri pa nkhani ya kuyenda pansi ndi kupalasa njinga, popeza ambiri a ife tilibe galimoto, koma umenewo ungakhale umphawi wovekedwa mendulo.

Ndipo tisaganize kuti muyeso wolakwika ndi nkhani ya m'maofesi chabe. Ambiri a inu mukukumbukira chaka cha 2002. Chimanga cha mu 2001 sichinachite bwino, ndipo chimene chinali m'nkhokwe za dziko chinali chitagulitsidwa. Koma ziwerengero za zokolola zinkaonetsa kuti chinangwa ndi mbatata zilipo zambiri zoti nkutseka mpatawo, choncho thandizo linachedwa. Boma linalengeza za ngozi ya njala kumapeto kwa Febuluwale 2002, anthu atayamba kale kufa, ndipo Kasungu anali mmodzi mwa maboma amene anavutika kwambiri. Anthu a m'midzi ankadziwa zoona miyezi ingapo m'mbuyomo. Ankaona mtengo wa madeya, ankaona mbuzi ndi ziwiya zikugulitsidwa motaya, ankaona ana akusowa m'kalasi. Chimene analibe ndi njira yosandutsira zimene ankaonazo kukhala umboni woti akuluakulu aumve.

Chitsanzo china ndi chapafupi. Kuyambira cha m'ma 2008 m'dziko muno munabwera ntchito yolimbikitsa midzi kusiya kuchita chimbudzi kutchire. Mudzi umayenderedwa khomo ndi khomo, kuona chimbudzi, chivindikiro chake ndi mpondagiya wosambira m'manja, ndipo ukakhoza umalengezedwa kuti wapambana. Madera a mafumu ambiri analandira ulemu umenewu, ngakhale maboma athunthu monga Balaka. Umenewu ndi muyeso weniweni wa dera, ndipo unachita zabwino zambiri chifukwa mafunso ake aliyense amawamva. Koma tikudziwanso zimene zimachitika. Chimbudzi chokumbidwa pa dothi lamchenga, chofoleredwa ndi udzu, chimagwa ndi mvula yachiwiri. Chikwangwani cha pamsewu sichigwa. Kolera amene anayamba mu Marichi 2022 anafika m'maboma onse a dziko lino ndi kupha anthu oposa 1,700, ndipo sanayime kuti awerenge zikwangwani. Giredi yoperekedwa kamodzi ili ngati kuyeza mwana ku sikelo ya ana tsiku limodzi lokha, nkutaya khadi.

Sikelo imene inabadwira kuno kwathu

Chimene ambiri sadziwa ndi chakuti njira imodzi yoyezera imene maiko ena akuitsanzira inayambira m'Malawi muno. Mu 2002 bungwe la CARE linayamba njira yotchedwa Community Score Card, ndiye kuti khadi la malikisi la anthu a m'mudzi, pofuna kukonza ntchito za umoyo. Pambuyo pake inafalikira ku Tanzania, Rwanda, Ethiopia ndi kwina, ndipo kuyambira 2012 inayesedwa mwadongosolo m'zipatala za ku Ntcheu pa nkhani ya uchembere.

Imayenda motere. Anthu amakhala m'magulu, amayi paokha, abambo paokha, achinyamata paokha, ndipo amasankha okha zinthu zimene akufuna kuyeza. Chilichonse amachipatsa malikisi ndi kunena chifukwa chake. Ogwira ntchito, monga anamwino kapena aphunzitsi, nawonso amakhala paokha nkudzipatsa malikisi. Kenaka mbali zonse zimakumana maso ndi maso, pamaso pa mafumu ndi akuluakulu a ku boma, nkuyala makhadi onse poyera. Pamene malikisi asiyana, pamenepo ndi pamene pali nkhani. Amagwirizana zochita, wochita ndi tsiku lake, ndipo pakatha miyezi 6 amayezanso.

Ife tikuti njira yomweyi tingayezere nayo mudzi wonse kapena dera la m'tauni, titaphatikizamo nzeru ziwiri za alendo zija.

Tiyeza chiyani, ndipo liti?

Mafunso mudzasankha nokha, koma tiloleni tinenepo maganizo athu. Chachikulu ndi nthawi. Chinthu chilichonse chiyezedwe pa mwezi umene chimavuta. Madzi ayezedwe mu Okutobala ndi Novembala, zitsime zitaphwa. Chakudya chiyezedwe mu Febuluwale. Zimbudzi ndi misewu ziyezedwe mvula ikutha. Ana a sukulu awerengedwe nthawi yothyola ndi kusoka fodya, osati sabata yotsegulira sukulu pamene aliyense ali m'kalasi.

Pa madzi pali miyeso yodziwika kale imene tingayambirepo. Boma limafuna kuti mjigo umodzi uzitumikira anthu 250 okhala mosapitirira mamita 500, ndipo chimbudzi chitalikirane ndi chitsime mamita osachepera 30. Bungwe la United Nations limawerenga kuti banja lili ndi madzi ngati kupita, kudikira pamzere ndi kubwera sizipitirira mphindi 30. Mawu akuti kudikira pamzere ndi ofunika. Pa mapu a ku ofesi mjigo umaoneka ngati kadontho, ndipo kadontho sikaonetsa zigubu 40 zondandana kuyambira tambala woyamba. Amene angapereke malikisi oona pamenepa ndi mayi ndi mtsikana amene amatunga. Bambo amene amapeza madzi ali kale m'bafa asapereke malikisi a madzi, ngakhale atakhala wapampando wa komiti.

Pa mitengo, tisawerenge mbande zimene zinadzalidwa tsiku la mwambo, alendo ndi atolankhani alipo. Tiwerenge imene yapulumuka chilimwe chachiwiri, mbuzi ndi moto wolusa zitadutsa. Ndipo tifunse funso la ku Japan lija: pa chigafa chilichonse ndi uvuni wa njerwa uliwonse wa m'mudzi muno, mitengo yake inachokera m'munda mwa mwini wake, kapena tinasenzetsa mudzi wina?

Pa ana, tisadzinamize kuti tikapanda kudziyeza tokha ndiye kuti palibe adzatiyeze. Mu Novembala 2019 boma la America linayamba kugwira fodya wa ku Malawi pa madoko ake, ponena kuti amalimidwa ndi ana ndi anthu ogwiritsidwa ntchito mokakamiza. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo la ntchito ndi kuletsa utenanti. Lamulo lili m'buku, koma amene akudziwa ngati mwana wa banja lobwera kudzagwira ntchito m'munda wa fodya akupita ku sukulu ndi ife oyandikana nalo. Nchifukwa chake obwera, ochita lendi ndi aganyu ayenera kukhala ndi gulu lawo popereka malikisi. Iwowa ndi amene amakhala kumapeto kwa mzere wa pa mjigo, ndipo pa msonkhano wa mudzi sayankhula.

Pa malo, tigwirizane zinthu zochepa zimene sizigulidwa ndi malikisi: dambo, manda, njira yopita ku mjigo ndi ku sukulu, bwalo la ana. Lamulo la malo a makolo la 2016 linakhazikitsa makomiti a malo otsogoleredwa ndi a gulupu, okhala ndi anthu 6 osankhidwa, ndipo osachepera 3 mwa iwo akhale amayi. Funso loyenera kukhala pa khadi ndi lakuti, komiti imeneyi ilipo kodi kwathu kuno, ndipo puloti yomaliza kugulitsidwa inadutsa m'manja mwake?

Kapatsidwe ka malikisi kasakhale kovuta. Jambulani pansi mjigo, mtengo, chimbudzi, nkhokwe ndi sukulu. Gulu lililonse liike njere za chimanga pa chithunzi chilichonse, imodzi ngati zinthu zaipiratu, 5 ngati zili bwino kwambiri. Wosadziwa kulemba amadziwa kuwerenga njere. Mlembi alembe malikisi pamodzi ndi chifukwa chake, popeza nambala yopanda chifukwa sikonza mjigo. Tikuchenjezaninso kuti musaphatikize malikisi onse kukhala nambala imodzi. Mudzi wopeza 5 pa msika ndi 1 pa madzi suli pakatikati. Uli pa ngozi.

Misampha ilipo

Woyamba ndi kudzichepetsa mwadala. Tinazolowera kuti mlendo wa galimoto akabwera ndi pepala, tiyenera kulira umphawi kuti tilowe m'kaundula. Wachiwiri ndi wosiyana nawo, kudzikweza kuti mfumu yathu isachite manyazi pamaso pa mafumu anzake. Onsewa ndi sikelo ya venda, ndipo wodyeredwa makilo ndi ife tomwe. Khadi limeneli silibwera ndi alawansi kapena makuponi, ndipo tinene zimenezi poyambirira kuti wina asadzakhumudwe.

Msampha wachitatu ndi kusandutsa khadi kukhala chikwapu. Mlangizi wa zaumoyo amayenera kuyang'anira anthu 1,000, koma ambiri amayang'anira oposa pamenepo. Mphunzitsi amayenera kukhala ndi ana 60, koma inu mukudziwa mmene kalasi ya Sitandade 1 imadzazira. Tikawaitana kudzawazazira, ulendo wachiwiri sadzabwera. Nchifukwa chake iwonso amadzaza khadi lawo, ndipo kawirikawiri zimapezeka kuti zina mwa zolakwikazo ndi zathu: ndalama ya mjigo sitisonkha, ana timawatuma ku munda. Mafumu athu, pepani, khadi limeneli lidzakhudzanso inu pa nkhani ya malo. Tikukupemphani kuti mulilandire ngati galasi loonera nkhope. Ndipo a ndale za zipani asaloledwe kuligwira, popeza mjigo sufunsa mtundu wa nsalu imene wotunga wavala.

Khadi lipite kuti?

Chiyambire lamulo la maboma ang'ono la 1998, njira ya chitukuko imayenera kuyambira pansi: komiti ya chitukuko ya m'mudzi, imene timaitcha VDC, kenaka ya dera la mfumu yaikulu, ADC, mpaka ku khonsolo kudzera mwa khansala wathu. M'tauni muli makomiti a mawodi. Makhonsolo nawonso amayezedwa ndi boma chaka ndi chaka, ndipo zotsatira zake zakhala zikulengezedwa poyera. Choncho chilankhulo cha malikisi amachimva. Nthumwi imene ikunena kuti kwathu madzi akuvuta imauzidwa kuti kulikonse akuvuta. Nthumwi imene ikunena kuti mabanja 90 akudalira mjigo umodzi, unathyoka masabata 7 chaka chino, ndipo amayi anaupatsa njere imodzi mu Novembala zaka ziwiri zotsatizana, imavuta kuibweza chimanjamanja. Manambala amenewa tangoyerekeza, anu enieni mudzawapeza nokha.

Ntchito imeneyi si ya Akatolika okha. Mphakati ungayambitse, koma pa tsiku loyeza muitane onse otunga pa mjigo umodzi, a mipingo ina, Asilamu ndi a kudambwe omwe.

Pempho lathu nali. Pa msonkhano wa mphakati ukubwerawu, musayambe ndi zinthu zambiri. Sankhani zitatu zokha zimene mukuona kuti zikatha, ana anu sadzatha kukhala pamalo pano. Gwirizanani mwezi woyezera chilichonse. Pezani kope limodzi lachikuto cholimba, musankhe anthu awiri olisunga, mayi ndi bambo, ndipo mukadziwitse a nyakwawa ndi a VDC musanayambe. Pa tsamba loyamba mulembe tsiku, dzina la mudzi ndi malire ake, kuti odzayeza chaka chamawa adzadziwe pamene mzere unadutsa.

Tsopano tigawike m'magulu. Amayi akhale pansi pa mtengo uko, abambo atsale muno, achinyamata apite m'kalasi. Tikumananso pakatha mphindi 40, gulu lililonse ndi zinthu zake zitatu.